Kompyuta Ikamachedwa, Vuto N'chingwe Kapena Disiki?

Makompyuta ambiri a pa desiki amene mungawapeze m'masukulu, m'timashopu tosindikiza mapepala ndi m'nyumba za anthu ku Kitwe ndi ku Ndola si atsopano. Ndi a salaula, kapena kuti akaunjika monga amanenera abale athu ku Malawi: ma Dell OptiPlex, ma HP Compaq ndi ma Lenovo ThinkCentre amene anagwirapo ntchito zaka zingapo m'maofesi a kunja asanafike kuno ku Kopala. Chiyambireni mayeso a maphunziro a kompyuta mu Giredi 9 m'chaka cha 2015, makina otere akhala akufunidwa kwambiri. Ine ndatsegula mabokosi amenewa kwa zaka zambiri, ndipo mafunso amene anthu amabwera nawo amazungulira pa chinthu chimodzi. Munthu waona nambala pa katoni, kaya 3 Gb/s, 6 Gb/s kapena 7,000 MB/s, ndiye akufuna kudziwa ngati nambala yaikuluyo ikuyenera ndalama zimene wazivutikira. Nawa mafunsowo, ndi mayankho amene ndimapereka.

Kodi njira yolumikizira disiki n'chiyani, ndipo zilipo zingati?

Mukatsegula bokosi limene ambirife timangoliti CPU, mupeza motherboard, bolodi lalikulu limene chilichonse chimalumikizidwapo. Disiki yosunga mafayilo imalankhulana ndi bolodi limeneli kudzera pa soketi ndi chingwe, motsata malamulo amene opanga makina anagwirizana. Soketiyo, chingwecho ndi malamulowo, zonse pamodzi, ndiye njira yolumikizira.

Yakale kwambiri imene mungakumane nayobe ndi IDE, imene ena amati PATA. Inayamba mu 1986 ndi makampani a Western Digital ndi Compaq. Chingwe chake n'chotuwa, chophwatalala ngati lamba, cha mabowo 40, ndipo chimanyamula madisiki awiri. Amene anakonzapo makompyuta a Pentium 4 akukumbukira kapulasitiki kakang'ono kumbuyo kwa disiki, kosankhira master ndi slave, kamene kakagwa pansi kankasowetsa munthu mtendere. Mu 2003 kunabwera SATA ndi kachingwe kake kowonda, kawirikawiri kofiira, ka mapini 7. Imeneyi ndiyo ili m'makompyuta ochuluka a kuno. Kenako kunabwera NVMe, imene malamulo ake oyamba anatuluka mu 2011. Iyi ilibe chingwe n'komwe. Disiki yake ndi kabolodi kotalika ngati chala, kamene kamalowa mu motherboard mwachindunji n'kumayenda pa njira za PCIe, zomwe zija zimatumikira khadi la zithunzi. Palinso SAS ya m'maseva, ndi USB ya madisiki oyenda nawo m'chikwama.

Ndiye iliyonse imathamanga bwanji?

IDE inathera pa MB 133 pa sekondi, ndipo madisiki awiri a pa chingwe chimodzi ankachita kudikirana. SATA yoyamba inafika pa 150, SATA II ya mu 2004 inafika pa 300, ndipo SATA III ya mu 2009 pa 600, ngakhale kuti mukayesa mumapeza cha m'ma 550. Za NVMe zimadalira m'badwo wa PCIe: pa PCIe 3.0 disiki yabwino imafika cha m'ma MB 3,500 pa sekondi, pa 4.0 cha m'ma 7,000, pa 5.0 imapitirira 12,000. USB 2.0 imathera pakati pa 35 ndi 40, pomwe USB 3.0 imafika cha m'ma 400.

Kuti manambalawa amveke, tiyerekeze kuti mukusamutsa mavidiyo a ukwati okwana GB 50. Pa USB 2.0 mudikira mphindi pafupifupi 24. Pa SATA II yodzaza bwino, mphindi zitatu. Pa SATA III, mphindi imodzi ndi theka. Pa NVMe ya PCIe 3.0, masekondi osakwana 20.

Koma chonde gwirani mfundo iyi musanapitirire. Manambala onsewa ndi denga, ndiko kuti malire amene njirayo singadumphe. Satanthauza kuti disiki imene mwalumikizapo ifika pamenepo.

Pa katoni alemba 6 Gb/s. Nanga inu 600 mwaitenga kuti?

Onani kalembedwe ka b. Akalemba b wamng'ono akunena mabiti, akalemba B wamkulu akunena mabaiti, ndipo baiti imodzi ili ndi mabiti 8. Mukagawa 6,000 ndi 8 mupeza 750. Koma SATA imatumiza mabiti 10 pa mabiti 8 alionse a uthenga weniweni. Awiri owonjezerawo ndi othandiza kuti mbali ziwirizo ziziyendera limodzi osasokonezana. Choncho mumagawa ndi 10, n'kupeza MB 600. N'chimodzimodzi 3 Gb/s kukhala 300, ndi 1.5 Gb/s kukhala 150.

Hadidisiki yanga ili pa SATA II. Ndikaisamutsira pa SATA III ifulumira kawiri?

Ayi. Mwina simudzaona n'komwe kusintha.

Ganizirani msewu wa pakati pa Ndola ndi Kitwe, wa mizere iwiri uku ndi uku. Thiraki yodzaza mkuwa ikamakwera chitunda, imayenda liwiro limene injini yake ikutha. Muionjezere mizere inayi, idzakwerabe chimodzimodzi, chifukwa chikuichedwetsa si kuchepa kwa msewu.

Hadidisiki ndi makina oyenda. M'kati mwake muli mbale zozungulira, kawirikawiri maulendo 7,200 pa mphindi, kapena 5,400, ndi kamkono kokhala ndi kamutu kowerengera, kofanana ndi singano ya galamafoni, koma kosakhudza mbaleyo. Imawerenga zokhazo zimene zikudutsa pansi pa kamutuko. Madisiki a GB 250 kapena GB 500 amene amabwera m'makompyuta a salaula amapereka MB 100 mpaka 130 pa sekondi akamawerenga cha m'mphepete mwa mbale. Akafika cha pakati, liwirolo limatsika pafupifupi theka, pakuti mzere wa pakati ndi waufupi, ndiye ulendo umodzi wozungulira umanyamula zochepa. Ngakhale madisiki atsopano a materabaiti ambiri amangosewera m'ma 200 ndi kupitirirako, kawirikawiri osafika pa 300. Madisiki a salaula aja denga la SATA II salikhudza. Alemba 6 Gb/s pa chikwangwani chake chifukwa ndiwo malamulo amene disikiyo imalankhula, ndipo kachikumbutso kakang'ono ka m'kati mwake kamatha kutumiza pa liwiro limenelo kwa kamphindi chabe. Mbalezo sizingathe.

Zimandiwawa ndikaona kholo likulipira ndalama zowonjezera chifukwa louzidwa kuti, "Abwana, tengani iyi, ndi ya SATA III, ndi yothamanga." Ndalama yomweyo ikanathandiza pena.

Ngati disiki imapereka MB 120 pa sekondi, bwanji kompyuta imatenga nthawi yaitali kuti iyake?

Funso ili ndiye mwini nkhani, ndipo ndichedwapo pang'ono.

Mayi akakutumani ku msika wa Chisokone kukagula thumba limodzi la ufa, mumalowa, kulipira, kusenza, kutuluka. Katundu ndi wolemera koma ulendo ndi umodzi. Tsiku lina akutumani tomato, anyezi, kapenta, mchere, impwa, mafuta ophikira, chikanda ndi sopo. Zonsezi pamodzi sizilemera ngati ufa uja, komabe mukhalitsa, chifukwa tomato ali mbali iyi, kapenta mbali inayo, ndipo pakati pali khamu la anthu. Nthawi yathera m'miyendo, osati m'kunyamula.

Kukopera filimu imodzi yaikulu kuli ngati thumba la ufa lija. Kuyatsa Windows, kutsegula Word kapena Chrome, kuli ngati ulendo wachiwiriwo: timafayilo ting'onoting'ono masauzande ambiri, tomwazikana pa mbale yonse. Pa kafayilo kalikonse, kamkono kayenera kusuntha kupita pamzere woyenera, ndipo zimenezi zimatenga pafupifupi mamilisekondi 9. Kakafika, kadikire kuti malo akewo azungulire n'kufika pansi pake. Mbale ya maulendo 7,200 pa mphindi imazungulira maulendo 120 pa sekondi, ndiye kudikirako kumakhala mamilisekondi 4 ndi pang'ono. Mukaphatikiza, ndi mamilisekondi pafupifupi 13. Pa sekondi imodzi disikiyo imangokwanitsa maulendo osafika 100. Ngati ulendo uliwonse ikutenga KB 4, ndiye kuti pa sekondi yonse sinafike ngakhale MB imodzi.

Mukhoza kudzionera nokha. Kompyuta ikamakoka miyendo, tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, muyang'ane disiki. Mupeza yalemba 100%, koma pansi pake liwiro lake likungosewera pa MB imodzi kapena ziwiri. Msewu wa MB 600 uli mbee, wopanda kanthu. Disikiyo yatanganidwa ndi kuyendayenda. Mukatchera khutu pa bokosilo mumamva n'komwe kamkonoko kakuti kete kete kete.

SSD, disiki yosunga mafayilo m'machipi, ilibe mbale, ilibe kamkono. Imafika pa kafayilo kalikonse m'nthawi yosapitirira kwenikweni gawo limodzi mwa magawo khumi a milisekondi, ndipo imachita maulendo masauzande ambirimbiri pa sekondi. Kufulumira kumene anthu amakudabwa akaika SSD kumachokera apa. Chingwe chimakhala chomwe chija.

Kompyuta yathu ndi yakale, ili ndi SATA II yokha. Kuikamo SSD si kutaya ndalama?

Si kutaya ndalama ngakhale pang'ono. SATA inapangidwa mwakuti mibadwo yake itatu imamvana. SSD ya SATA III ikalowa pa soketi ya SATA II, ziwirizo zimagwirizana kuyenda pa liwiro la wocheperayo, ndipo mumapeza cha m'ma MB 270. Mwataya theka la liwiro la mafayilo aakulu, inde, koma kufulumira kwa pa timafayilo ting'onoting'ono kwatsala pafupifupi konse, ndipo kumeneko ndiko mumakumva tsiku ndi tsiku.

Ndikukumbukira mphunzitsi wina wa kompyuta pa sukulu ina ku Ndola. M'chipinda chake munali ma OptiPlex 780 a Core 2 Duo, ndipo gawo lalikulu la piriyodi linkathera kudikira kuti ayake. Iye anali atatsimikiza kuti makinawo atha ntchito. Ndinati, "Aphunzitsi, tiyese imodzi yokha." Tinachotsa hadidisiki, n'kubaya SSD yaing'ono ya GB 120 pa chingwe chofiira chomwe chija, n'kuikamo Windows mwatsopano. Titayatsa, anatembenuka kuti akokere mpando monga mwa chizolowezi, pobwerera anapeza makina akumudikira kale. Anakhala chete, kenako anati, "Ndiye kuti nthawi yonseyi ana amavutika chifukwa cha kanthu aka?" Ndinamva chisoni chake, chifukwa mwana amene amagwira mbewa ya kompyuta kamodzi pa sabata, mphindi iliyonse yodikira ndi phunziro lotayika.

Pali ziwiri zoti musamale. Choyamba ndi RAM: ngati ili GB 2 yokha, SSD ithandiza koma sikwanira, onjezerani ifike 4 kapena 8. Chachiwiri chili mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard imene imayamba kugwira ntchito makina akangoyatsidwa, pamene pali posankha pakati pa IDE ndi AHCI, mwinanso RAID. Sankhani AHCI musanaike Windows. Mukasintha Windows ili kale m'kati, kawirikawiri imakana kuyaka n'kukuonetsani sikirini yabuluu. Ndipo kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa motherboard kakatha mphamvu, BIOS imaiwala zimene munasankha nthawi iliyonse magetsi akazima, n'kubwerera pa zakale. Ndaonapo anthu akugula disiki ina poganiza kuti yafa, pamene wolakwa ndi kabatire kotchipa.

Makina a IDE yokha, a nthawi ya Pentium 4, amenewo ndiye asiyeni apume. Pulumutsani mafayilo ake basi.

Ndingadziwe bwanji soketi yothamanga pa motherboard yanga?

Intel inayamba kuika SATA III m'machipiseti ake mu 2011, pamodzi ndi m'badwo wachiwiri wa Core i3, i5 ndi i7, koma sinaike pa masoketi onse. Chipiseti ya Q67 kapena Q77 ili ndi awiri othamanga, Q65 ndi B75 ili ndi imodzi yokha, ndipo H61 ilibiretu. Ndiye zimachitika kuti wina amene anatsegula makinawo kale anabaya DVD pa soketi yothamanga, disiki n'kuiika pa yochedwa. Yang'anani timalemba pafupi ndi masoketiwo. Kawirikawiri yolembedwa SATA0 ndiyo yoyenera SSD.

Kuti mutsimikize, tsegulani pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo, muone mzere wa Transfer Mode. Ikalemba SATA/300 kumanzere ndi SATA/600 kumanja, ikukuuzani kuti disikiyo ikhoza 600 koma pano ikuyenda pa 300. Zimitsani makina, chotsani pulagi kukhoma, samutsani chingwe, muonenso.

Nanga zingwe zolembedwa SATA III n'zosiyana ndi zinzake?

Chingwe chabwino cha SATA chimatumikira mibadwo yonse itatu, malinga chisapitirire mita imodzi. Chimene ndimayang'ana ine ndi kachitsulo kotsekera kumutu kwake. Makina akamanyamulidwa pa minibasi kapena kusunthidwa posesa, chingwe chopanda kachitsuloko chimakhwepa, ndipo fumbi la m'chilimwe limalowa. Zikatero uthenga umafika wolakwika n'kumatumizidwanso, makina amaima pang'onopang'ono, nthawi zina liwiro limatsika lokha kufika pa m'badwo wa m'munsi. Mu CrystalDiskInfo, nambala ya UltraDMA CRC Error Count ikamakwera, sinthani chingwe musanaweruze disiki.

Ena amadabwa kuti kachingwe kowonda kanapambana bwanji lamba wa IDE wa mawaya ambiri. IDE inkatumiza mabiti 16 nthawi imodzi pa mawaya 16, ndipo onse ankayenera kufika limodzi, ngati anthu 16 othamanga atagwirana manja. Liwiro likakwera, wina ankatsala, ndipo mawaya oyandikana ankasokonezana. Anayesa kuika mawaya ena 40 pakatipakati ngati mipanda, chingwe n'kukhala cha mawaya 80, komabe sichinkaloledwa kupitirira masentimita 46. SATA inasiya zonsezo. Ili ndi mawaya awiri otumiza, awiri olandira, ndipo mabiti amayenda mondondozana mothamanga kwambiri. Ndikagwira kachingweka ndimakumbukira kuti m'kati mwake ndi mkuwa, chitsulo chomwe chija anthu amatsikira pansi pa nthaka ku Nkana ndi ku Mufulira, chimene ZAMEFA imachikoka kukhala waya ku Luanshya. Ndimalakalaka ana a kuno atadziwa ulendo wonse wa chitsulo chimenechi, osati polowera mgodi pokha.

M.2 ndi NVMe n'chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo apa ambiri amapsa. Safunsa anadya phula. M.2 ndi maonekedwe a kabolodiko ndi soketi yake. Kofala kwambiri ndi ka 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. Pa maonekedwe omwewo pali madisiki olankhula SATA, amene amathera pa 550 ngati anzawo a chingwe, ndiye pali olankhula NVMe. Kawirikawiri ya SATA imakhala ndi mipata iwiri kumano kwake, ya NVMe mpata umodzi. Soketi ina imalandira mitundu yonse iwiri, ina umodzi wokha, ndipo kabolodi kakhoza kulowa bwinobwino koma makina osakaona. Fufuzani buku la makina anuwo pa intaneti musanagule.

Chimene chimasiyanitsa NVMe si kukula kwa njira kokha. Malamulo a AHCI, amene SATA imayendera, anakonzedwa poganizira hadidisiki ya kamkono kamodzi, choncho ali ndi mzere umodzi wa zopempha 32. Zili ngati tauni yonse kudalira windo limodzi la banki. NVMe imalola mizere yokwana 65,535, ngati timabutu ta mobile money tondandalika m'mbali mwa msewu, aliyense n'kupita pamene palibe munthu.

Pa makina a salaula, soketi ya M.2 imayamba kuoneka kwambiri kuyambira m'badwo wachisanu ndi chimodzi wa Intel, wa mu 2015, monga pa OptiPlex 7040. Pa akale mukhoza kugula kakhadi kolowetsa NVMe mu soketi ya PCIe, ndipo Windows idzaiona ngati posungira mafayilo. Koma ambiri mwa makina amenewo sangayakire pa disikiyo, chifukwa BIOS yawo siidziwa NVMe.

Ndiye ndani amene akufunikiradi NVMe?

Amene amasenza matumba a ufa tsiku lonse. Mnyamata wojambula maukwati, ma kitchen party ndi matebeto pa kamera ya 4K, amene Lolemba lililonse amakhala ndi mafayilo a magigabaiti mazana. Wophunzira wa uinjiniya kapena za migodi pa Copperbelt University amene amatsegula mapulani ndi mapu akuluakulu. Wa situdiyo ya nyimbo wokhala ndi nkhokwe yaikulu ya mawu a zida. Kwa amenewa, kusiyana kwa 550 ndi 3,500 ndi nthawi yeniyeni, ndipo nthawiyo ndi ndalama.

Kwa mayi wa shopu yolemba makalata, kusindikiza ma CV ndi kuthandiza anthu pa webusaiti ya ZRA, kusiyana pakati pa SSD ya SATA ndi ya NVMe n'kochepa kwambiri. Pulogalamu ya CrystalDiskMark imaonetsa chifukwa chake. Mzere wapamwamba umayesa mafayilo aakulu, ndipo pamenepo NVMe imasiya SATA kutali, kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira. Mzere wapansi umayesa timafayilo ta KB 4, kamodzikamodzi. Pamenepo hadidisiki imapereka pafupifupi MB imodzi, SSD ya SATA cha m'ma 30 mpaka 40, NVMe cha m'ma 50 mpaka 90. Kuchoka pa 1 kufika pa 35 ndi kudumpha mtsinje wa Kafue. Kuchoka pa 35 kufika pa 70 ndi kudumpha ngalande. Ngati makina anu ali ndi soketi ya NVMe ndipo mitengo ikufanana, tengani NVMe. Koma kugula kompyuta ina n'cholinga chongofuna soketiyo, pa ntchito ya Word ndi Excel, ine sindingakulimbikitseni.

NVMe ilinso ndi zofooka zake. Imatentha, ndipo ikapitirira madigiri 70 kapena 80 imadzichepetsera liwiro kuti isapse. M'mwezi wa Okutobala, m'kachipinda ka malata, m'bokosi lodzaza fumbi, zimenezi sizichedwa. Kachitsulo koziziritsira n'kotchipa, ndipo kupemerera fumbi n'kwaulere. Komanso ma SSD otchipa, a SATA ndi a NVMe omwe, amalemba mothamanga pa magigabaiti oyamba okha. Malo ake osungira mwachangu akadzaza, liwiro limagwa, pa ena mpaka kufika pa la hadidisiki.

Ndipo musaiwale netiweki. Ngati makompyuta a mu ofesi amatumizirana mafayilo kudzera pa switch yakale ya 100 Mb/s, zonse zimathera pa MB 12 pa sekondi, kaya disiki ndi yotani. Ya gigabiti imafika cha m'ma 115.

Ndapeza madisiki a SAS ochokera m'seva yakale pa mtengo wabwino. Ndigule?

Pa kompyuta wamba, ayi. SAS ndi yamphamvu, imafika 12 Gb/s pa m'badwo wake wachitatu, ndipo madisiki ake ena amazungulira maulendo 10,000 kapena 15,000 pa mphindi. Koma mutu wake ndi wolumikizana pakati pa polowa uthenga ndi polowa magetsi, moti chingwe cha SATA sichilowa. Khadi la SAS limalandira madisiki a SATA, pomwe soketi ya SATA silandira a SAS. Mudzafunika kugula khadi lapadera, mudzapirira phokoso ndi kutentha, ndipo pamapeto pake SSD wamba idzawasiyabe kumbuyo.

Disiki yanga ya m'chikwama imachedwa kwambiri. Yawonongeka?

Onani kaye pamene mwaibaya. Soketi ya USB 3.0 kawirikawiri imakhala yabuluu m'kati kapena yolembedwa SS pambali. Yakuda yopanda SS kawirikawiri ndi USB 2.0, ndipo apa ndi pamene njira yolumikizira imachedwetsadi hadidisiki: disiki yokhoza MB 110 imakanikizidwa pa 35. Makina a m'badwo wachiwiri wa Intel, monga OptiPlex 790 ndi HP Compaq 8200 Elite, alibe USB 3.0, pakuti Intel inaiika m'machipiseti ake kuyambira mu 2012. Kakhadi ka USB 3.0 kolowa mu PCIe kamathetsa vutoli. Ngati muli ndi mafayilo ochuluka zedi oti musamutse kamodzi, tsegulani bokosi mulumikize disikiyo pa SATA mwachindunji, ngati ndi ya mtundu wotheka kutero.

Ndi kuzimazima kwa magetsi kuno, yolimba ndi iti?

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa zambiri. Chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, boma linalengeza za ngozi yogwera dziko m'mwezi wa Febuluwale, ndipo kumapeto kwa chakacho magetsi a ZESCO ankasowa mbali yaikulu ya tsiku m'makomboni ambiri. Madisiki amene anafika m'manja mwanga nthawi imeneyo sanafe chifukwa cha SATA II kapena SATA III. Anavulala chifukwa magetsi anazima ali pakati polemba, kapena anabwerera mwamphamvu.

Palibe mtundu umene uli wotetezeka. Hadidisiki imatha kusiya fayilo itang'ambika pakati. SSD siopa kugwedezeka ndipo imadya magetsi ochepa, zimene zimathandiza pa inveta, koma yotchipa ikazimiridwa pa nthawi yoipa ikhoza kusokoneza kaundula wake wa m'kati, wosonyeza pamene chilichonse chili. Ikatero imangosowa yonse, osachenjeza, pamene hadidisiki nthawi zambiri imayamba yalira kaye. Choncho ngati ndalama zikukwanira chimodzi, pakati pa NVMe yodula ndi SSD wamba yophatikiza ndi UPS yaing'ono, ine ndimasankha chachiwiricho. UPS ikupatsani mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwino. Hadidisiki yakale ija musaitaye: isiyeni m'bokosimo pa soketi yochedwa, kapena muiike m'kachikwama ka USB, muzikoperamo zithunzi za banja, mabuku a bizinesi ndi zotsatira za ana sabata iliyonse.

Pogula, ndingayese bwanji kuti ndisapusitsidwe?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali madisiki akale omatidwa chikwangwani chatsopano, ndi ma SSD a mayina osadziwika onama kukula kwake. Wogulitsa woona mtima sakana kuti muyese pomwepo, ndiye pitani ndi fulashi yokhala ndi CrystalDiskInfo ndi CrystalDiskMark, zonse zimayenda popanda kuziika m'makina. Mwaulemu ndithu, nenani kuti, "Achimwene, tiyatse kaye tione."

Mu CrystalDiskInfo onani Power On Hours. Chaka chimodzi chili ndi maola 8,760, ndiye disiki yolemba 35,000 yayaka zaka zinayi usana ndi usiku, ngakhale iwale bwanji. Onaninso Health Status: ikakhala yachikasu, yolembedwa Caution, kawirikawiri ndiye kuti mbali zina za mbale zayamba kufa, ibwezeni. Pa SSD pamaoneka peresenti ya moyo wotsala ndi kuchuluka kwa zimene zinalembedwapo. Kenako yendetsani CrystalDiskMark, muyerekeze mzere wapamwamba ndi soketi imene disikiyo yabayidwapo: cha m'ma 270 pa SATA II, kupitirira 500 pa SATA III. Ngati mukukayikira kukula kwake, pulogalamu ya H2testw imadzaza disiki yonse n'kuiwerenganso. Imeneyi imatenga maola, choncho gwirizanani ndi wogulitsa kuti mukayesere kunyumba, ndipo alembe pa lisiti nambala ya disikiyo ndi masiku amene mungaibweze.